Kalata kwa atsogoleri a mzinda wa Mzuzu, yochokera kwa mlembi wa komiti ya maliro

Olemekezeka a Meya, makhansala, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, mafumu, komanso inu abusa, ansembe ndi mashehe a mumzinda muno,

Ndiyambe ndi kuwomba m'manja, chifukwa kalatayi ndailemba m'Chichewa pamene ndikudziwa kuti ambiri a inu mukaweruka n'kuvula jekete, ana anu mumacheza nawo m'Chitumbuka. Si mwano ayi. Chichewa ndicho ndinayamwira, ndipo Chitumbuka changa n'chapamsika. Chimakwana kunenerera mtengo wa usipa ndi kupepesa maliro, koma polembera akuluakulu kalata sichinafikepo.

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde ku Chibavi, kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo ndinatsika basi muno m'chaka cha 1999 ndili mnyamata, nditavala kamalaya kopyapyala, osadziwa kuti Mzuzu amazizira mpaka mano kugundana. Mayi akunyumba ndi Atonga a ku Chintheche. Ana athu anayi onse mchombo wawo unagwera konkuno. Kupatula zosoka, anthu a m'buloko mwathu anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya maliro, ndipo zimene ndikulemberanizi ndaziphunzira m'kope la komitiyo.

Kopelo ndi lachikuto chakuda, lothimbirira ndi utsi wa pasiwa. Tsamba lililonse lili ndi dzina la mwini nyumba, chopereka chake, ndi mzere womaliza umene tinaulemba kuti "kwawo". Mzere umenewu sitinauikire zokongoletsa. Zovuta zikagwa timafuna kudziwa msanga ngati mnzathu akagona kumanda a ku Zolozolo konkuno kapena tiyambe kufunafuna galimoto. Mukautsata ndi chala kuchokera pamwamba mupeza Rumphi, Ekwendeni, Embangweni, Usisya, Likoma, Kaporo, Misuku, Nthalire, kenaka Kasungu, Mangochi, Phalombe, Nsanje. Nyumba ziwiri zinalembetsa Mbeya, imodzi Lundazi. Onsewa amatunga madzi pampopi umodzi.

Chaka chatha tinataya bambo wina wopala matabwa, wa ku Chitipa, amene anakwatira mayi wa ku Mulanje. Tsiku loika kunali kamvula kaja kamene inu mukukadziwa, kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Mwini mbumba ataimirira analankhula Chilambya, poti chisoni chotere munthu sachinena m'chilankhulo chobwereka. Mnyamata wina wa kabaza, mdzukulu wake wa womwalirayo, anaima pambali pake n'kumatembenuzira m'Chitumbuka. Ine ndinaima kuseri, pafupi ndi azimayi a ku Mulanje amene anafika usiku ndi basi, ndikuwanong'oneza m'Chichewa zimene mnyamatayo wanena. Mawu ankadutsa pakamwa patatu asanafike kwa apongozi, koma anafika. Pamene mwini mbumba ananena kuti mayi wamasiyeyo asachotsedwe panyumba, apongoziwo anagwada m'matope momwemo n'kuwomba m'manja. Palibe anatilipira, palibe anatiphunzitsa. Ndiye funso langa kwa inu, akuluakulu, ndi lakuti: ngati telala ndi wakabaza amatha zimenezi pamvula, maofesi okhala ndi makompyuta ndi magalimoto zimawakanika pati?

Manambala muli nawo m'mashelefu mwanu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mumzinda muno. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 52 anati ndi Atumbuka, oposa 13 Achewa, 8 Angoni, 7 Atonga, 4 Ankhonde, ndipo Alambya, Ayao ndi Alomwe aliyense ali pakati pa 3 ndi 4. Otsalawo ndi Asukwa, Asena, Amang'anja ndi ena. Kunena kwina, Atumbuka ndiwo ambiri, palibe angatsutse, koma pafupifupi munthu mmodzi mwa awiri alionse amene mumakumana nawo pa depoti si Mtumbuka.

Komabe manambalawa musawameze osatafuna. Kalembera anafunsa mtundu, ndipo mtundu si chilankhulo. Mngoni wa ku Mzimba amene amavala zibiya n'kukavina ingoma ku Umthetho paphiri la Hora, kunyumba kwake amayowoya Chitumbuka. Mngoni wa ku Ntcheu amalankhula Chichewa. Alomwe ambiri amene ndimawadziwa Chilomwe chawo chimathera pa moni. Mwana wanga woyamba amalembedwa Mchewa, chonsecho akamalota usiku amabwebweta Chitumbuka. Chimene mukufunika kudziwa ndi chakuti mu wadi iliyonse anthu amamva bwino chilankhulo chanji akadwala, akaitanidwa kumlandu, kapena akamauzidwa kuti asamuke. Zimenezo kalembera sangakuuzeni, koma Yunivesite ya Mzuzu ili pa Luwinga pompa, ndipo kuli ophunzira zilankhulo amene chaka ndi chaka amasakasaka mutu wa kafukufuku. Apatseni umenewu. Mabuloko lida adzawaperekeza khomo ndi khomo.

Kusakanikirana kumeneku si kwa dzulo. Mzuzu sanayambe ngati likulu la mfumu. Anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi minda ya mitengo ya mafuta ya tung ya kampani ya Colonial Development Corporation, ndipo anthu anabwera kudzafuna ntchito. Kenaka maofesi a boma a chigawo chino, asilikali a ku Moyale amene amalembedwa kuchokera m'maboma onse, ulemu wokhala mzinda mu 1985, yunivesite imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, chipatala chachikulu mu 2000, ndi amalonda a pamsika wa Taifa amene amawerengera ndalama m'Chiswahili. Dothi ili lili ndi eni ake, ali m'manja mwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo ife timavula chipewa. Koma tawuniyi anaimanga ndi anthu otsika basi.

Tsopano ndinene chimene chimandivuta kunena monga Mchewa. Ine ndinakula ndikumva anthu akumpoto akutchedwa "ambwenumbwenu", ndipo ndinkaseka nawo. Ndinafika kuno ndi mtima wakuti Chichewa ndi chilankhulo cha dziko lonse, wosachimva ndiye wotsalira. Amene anandichotsa mtima umenewo ndi gogo wina, mphunzitsi wopuma, amene ankabwera kudzasoketsa zigamba pa jekete yake yakale. Iyeyo anaphunzira kuwerenga m'Chitumbuka pasukulu ya mishoni, anaphunzitsanso ana m'Chitumbuka, mpaka 1968 pamene msonkhano wa chipani cha MCP unalamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zigwire ntchito. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'masukulu. Chinatsalira m'nyumba ndi m'tchalitchi, ndipo Sinodi ya Livingstonia ndiyo inachisunga m'Baibulo, m'nyimbo ndi m'maulaliki. Mu 1989 aphunzitsi akumpoto amene ankagwira ntchito pakati ndi kummwera anauzidwa kuti abwerere kwawo. Chitumbuka chinamvekanso pa MBC mu 1994, boma litasintha. Gogoyo ankandiuza zimenezi mosakwiya, akuyang'ana singano ikukwera ndi kutsika, koma ndinaona kuti bala lake silinapole.

Chifukwa chake pempho langa loyamba lingakudabwitseni pochokera kwa munthu wa ku Ntchisi: lembani Chitumbuka. Pazikwangwani za m'misika, pazitseko za maofesi, pamakalata a msonkho, pazidziwitso za madzi ndi za katemera, Chitumbuka chikhale pamwamba, Chichewa pansi pake, Chingerezi chitsatire kwa ochifuna. Yendani nokha kuchokera pa Katoto mpaka kumsika waukulu muwerenge zikwangwani zimene zili m'chilankhulo cha anthu oposa theka la mzinda uno. Zala za dzanja limodzi zikukwanirani. Ana anga analemba mayeso a Chichewa a Sitandade 8 akumwetulira, poti ankachimva kwa bambo awo. Anzawo a nyumba yoyandikana nayo anachiphunzira ngati mmene tonse timaphunzirira Chingerezi, ndi thukuta, ndipo chilankhulo cha amayi awo sanachionepo pabolodi. Silabasi simungaisinthe inu a khonsolo, ndikudziwa. Aphungu ndinu mungakaiyankhulire ku Lilongwe, ndipo gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino, lopatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha, lili kumbali yanu. Koma penti ya chikwangwani siidikira Nyumba ya Malamulo.

Ena mwa inu munena kuti m'tawuni muno aliyense amamva Chichewa. Pamsika, inde. Pa minibasi, inde. Koma imvani izi. Mayi akunyumba anaperekeza gogo wina, mayi wa mnansi wathu, amene anabwera kuchokera kumudzi ku Mzimba kudzafuna thandizo pachipatala china chaching'ono. Wothandiza odwala anali mtsikana wochokera kummwera, wangotumizidwa kumene, mzere utafika panja. Gogoyo anati, "Nthumbo yikuŵinya," kutanthauza kuti m'mimba mukupweteka, n'kuyamba kufotokoza zina zachizimayi motsitsa mawu. Mtsikanayo anafunsa kawiri, katatu, osamva. Mayi akunyumba anali atauzidwa kuti adikire panja. Mapeto ake anaitana mlonda wa pageti, bambo wamsinkhu wa mwana wa gogoyo, kuti adzamasulire. Gogo atamuona mlondayo anakoka chitenje, n'kungoti, "Mutu." Anapatsidwa panado n'kubwerera. Zenizeni anadzaulula usiku kwa mpongozi wake, ndipo anachita kubwereranso patapita masiku, matenda atakula.

Mtsikanayo sindikumuimba mlandu. Boma limatumiza anthu kumene kuli malo, ndipo iye anachita zimene akanatha. Mlandu uli pakuti palibe anaganizapo zoti wantchito wofika kumene apatsidwe ngakhale sabata ziwiri zophunzira mawu oyambira: mulenji, muhanya, mise, kuti adziwe kunena nthawi yomwera mankhwala. Palibenso anaganiza zopachika pakhoma kapepala kosonyeza kuti mwa antchito a pamalopo, wakuti amatha Chitonga, wakuti Kyangonde, wakuti Chilambya, wakuti Chiyao, ndi kuti mayi azimasuliridwa ndi mayi mnzake. Anthu oterewa alipo kale pamalipiro anu, amangosowa wowafunsa. Chimodzimodzi kupolisi ndi kumakhoti aang'ono, kumene liwu limodzi lomveka molakwika limagoneka munthu m'chitokosi.

Ndisakondere. Mbali inayo iliponso. Ndakhalapo pamisonkhano imene mayi wina wa ku Zomba anakweza dzanja kupempha kuti wina abwereze m'Chichewa, ndipo anayankhidwa kuti sima ya kuno amadya, bwanji chiyowoyero cha kuno sachiphunzira. Anthu anaseka, mayiyo sanabwerenso. Kunena zoona, theka la mtima wanga limagwirizana ndi woyankhayo. Munthu wokhala zaka khumi pamalo osatha kunena "monire" kapena "yewo chomene" ndi waulesi, ndipo Achewa anzanga ambiri ulesi umenewu tili nawo chifukwa tinazolowera kuti ena ndiwo azitipindira lilime. Koma msonkhanowo unali wa nyumba zomangidwa m'zigwa ndi m'mphepete mwa zitunda. Tonse tikukumbukira mvula ya mu Epulo 2016, mmene makoma anagwera anthu ali m'tulo. Uthenga wotere si malo ophunzitsira munthu khalidwe. Muuzeni asamuke m'chilankhulo chimene akumva, za ulesi wake mudzamudzudzula ali moyo.

Za zipembedzo ndiye mukuzidziwa kuposa ine. Lamulungu m'mawa Chibavi yense amalira ngati mng'oma wa njuchi, kalasi iliyonse ya pulayimale ili ndi mpingo wake. Kalembera yemweyo anapeza kuti a CCAP ndi 28 mwa 100 aliwonse, Akatolika 17, a Seventh Day pamodzi ndi a Baptist ndi a Apostolic 16, Asilamu 4, ndipo ena onse agawikana m'mipingo ya Pentekosite, Anglican ndi ina yosawerengeka. Kuchuluka kwa CCAP n'kosadabwitsa kwa wodziwa ulendo wa Robert Laws ndi anzake, kuchoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ngakhale mkangano wa malire pakati pa Sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, umene unatigawa ife a mpingo umodzi, mkati mwake munali nkhani yomweyi, yakuti munthu amafuna kupemphera m'chilankhulo chimene amalirira. Ine ndimapemphera mumpingo wa Sinodi ya Livingstonia, ndimaimba sumu za Chitumbuka bwinobwino, koma Pemphero la Ambuye likafika pakamwa panga pamatuluka "Atate wathu wa Kumwamba".

Chimene ndikupempha pano n'chaching'ono: yang'anani kalendala musanaitane anthu. Akuluakulu ena ochokera ku ofesi ina anabwera kwathu kudzakamba za ngalande. Chidziwitso anachimata pagolosale, m'Chingerezi, ndipo msonkhano anauika Loweruka 9 koloko m'mawa. A Sabata onse anali kutchalitchi, ndipo m'buloko mwathu ndi ambiri, ena mwa iwo ndiwo ngalandeyo imadutsa pakhomo pawo. Sabata yotsatira anatchedwa anthu osafuna chitukuko. Lachisanu masana ndi chimodzimodzi kwa Asilamu. Ndipo pemphero lotsegulira msonkhano wa boma, kodi linalembedwa kuti ndi la mpingo umodzi? Shehe akaitanidwa, amangokhala pampando wakumapeto kudikira fanta. Mpatseni naye tsiku lake atsegule, wina atseke.

Asilamu anayi pa 100 angaoneke ochepa, koma ine ndinafika muno chaka chimene, zotsatira za chisankho cha 1999 zitatuluka, mizikiti ina inatenthedwa kuno kumpoto ndipo anthu ena akummwera anathawa m'nyumba zawo. Ndinali nditangokhala muno miyezi yochepa, Chitumbuka ndisanachidziwe, ndipo mwini nyumba amene ndinkachita lendi, Mtumbuka wa ku Bolero, anandiuza kuti ndisatuluke masiku atatu. Nsima ankandibweretsera yekha. Anthu amene anatentha mizikiti ndi amene anandibisa ine anali a mzinda umodzi. Chaka cha chisankho chikamayandikira, inu andale mumadziwa bwino mbali imene mukuikolezera moto mukamanena "wakwithu" pamsonkhano. Liwulo ndi lokoma likamanenedwa pamaliro. Pogawa mabenchi amumsika kapena mapuloti limanunkha. Sindikunena kuti mumatero, koma mphekesera zimamera pamene zinthu zachitikira kuseri. Matani mndandanda poyera, wa amene anapempha ndi amene apatsidwa, aliyense adziwerengere.

Pa nkhani ya manda, poti ndiyo ntchito yanga: Asilamu amaika tsiku lomwelo, ena amadikira abale ochokera ku Nthalire kapena ku Nsanje masiku awiri, ena ali ndi miyambo yawo ya kumene mutu uloze. Mzinda ukukula ndipo anthu ambiri masiku ano sakutha kulipira galimoto yopita kumudzi. Tsiku limene mudzakhale pansi kukamba za malo atsopano a manda, mudzaitane onsewa poyamba, osati mapu atajambulidwa kale.

Pali gulu lina limene silipezeka m'kalembera, ndipo ndilo likukula kuposa onse. Mwana wanga wamkazi akamadzaza fomu iliyonse amafunsidwa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Amalemba Ntchisi, kumene anapitako katatu moyo wake wonse, ndipo ulendo womaliza ana a kumeneko ankamuseka kuti amalankhula ngati Mtumbuka. Ku Chintheche amamuti Mchewa. Kuno wina akapsa mtima amamuti wobwera. Chonsecho amaphika kondowole ngati amayi ake, amadziwa kusankha mpunga wa Kilombero pongoununkhiza, amapereka moni wa "mwaghona" kwa agogo a ku Karonga a nyumba yakumaso, ndipo ndi anzake amalankhula chosakaniza chimene ine ndimangotolamo pang'ono. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake ati okhala zaka makumi awiri osakamuka? Ana awa kwawo ndi ku Mzuzu, ndipo ndi amene adzakhale pamipando yanuyo. Gonapamuhanya ali ku Bolero, Umthetho uli ku Hora, Kulamba kuli ku Katete, aliyense amakwera galimoto kupita kwawo. Bwalo la Mzuzu Stadium lilipo. Tsiku limodzi pachaka malipenga, vimbuza, ingoma, ndolo, beni ndi chimtali zitavinidwa pamalo amodzi, ana amenewa akanakhala ndi chawochawo cholozera. Izi ndangodutsamo, sizofulumira ngati za kuchipatala zija.

Zofalitsira uthenga muli nazo. Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane zimamveka m'nyumba zambiri, MBC imawerenga nkhani m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Kyangonde, ndipo buloko iliyonse ili ndi gulu la WhatsApp. Uthenga wamawu wa mphindi imodzi, wojambulidwa m'zilankhulo zinayi kapena zisanu, umafika kwa gogo wosawerenga msanga kuposa pepala lomatidwa pagolosale. Ife a komiti ya maliro timatero kale. Ine ndimajambula wa Chichewa, wapampando wa Chitumbuka, mayi akunyumba wa Chitonga, ndipo wakabaza uja amatithandiza wa Chilambya akapeza mayunitsi.

Wina wa inu akafuna kuliona kope lija, ndimapezeka pakhonde kuyambira 7 koloko, kupatula Lamulungu ndi tsiku la maliro. Mukafuna kuyankha kalatayi, yankhani m'chilankhulo chimene chikukupepukirani. Ikabwera m'Chitumbuka ndidzaiwerenga pang'onopang'ono ndi chala, ikabwera m'Chitonga andiwerengera mayi akunyumba, ikabwera m'Chingerezi ndidikira mwana abwere kusukulu.

Ine wanu,
Telala wa ku Chibavi